Nyanja ya Pabalaza

Kokerani mipando kuno kumbaula, chiperonichi chingakulowereni m'mafupa. Zimene ndikuuzenizi sindinachite kumva kwa munthu ayi. Zinagwera mlongo wanga weniweni, Nandau, ndi mwamuna wake, alamu anga a Yotamu Sakwiya, kunyumba kwawo ku Chilomoni. Zambiri ndinaziona ndi maso angawa, zotsalazo anandiuza ndi mlongo wangayo.

Anthu awiriwa anali ndi mwana mmodzi yekha, Zondiwe. Atamaliza sukulu ya zaumisiri anapeza ntchito ku Mozambique, padoko la Nacala. Ntchito yake inali yomira pansi pa madzi n'kumakonza zombo chakunsi kwake. Mayi ake sankaikonda ntchitoyo, koma mwanayo akamakamba za pansi pa nyanja yamchere, nkhope yake inkawala moti munthu sukanamuletsa.

Chaka china anabwera patchuthi ndi magalasi akuluakulu, mapampu ndi zigubu zotseka bwino. Anamanga thanki pabalaza, yaitali ngati bedi la munthu mmodzi. M'katimo anaikamo miyala yochokera pansi pa nyanja, ndipo pamiyalapo panali zinthu zimene iye ankati makorali. Ukaziona umati ndi maluwa. Zina zinali ngati bowa, zina ngati nyanga za gwape, zofiirira, zobiriwira, zina zachikasu. Iye ankati n'zamoyo, zimadya ndipo zimafa. Munalinso tinsomba tamizeremizere ndi nkhanu imodzi yamanyazi.

“Iwe mphwanga,” ndinamufunsa, “nsomba zosadyedwa n'zantchito yanji?”

Anaseka. “Malume, ndikafika kuno ndimalephera kufotokoza zimene ndimaona kuntchito. Ndiye ndawabweretsera adadi ndi amayi kachidutswa kake.”

Asanabwerere anawaphunzitsa bambo ake kasamalidwe kake. A Sakwiya anali atapuma ntchito yauphunzitsi, nthawi anali nayo yambiri, ndipo anamvetsera ngati mwana wa sukulu.

“Adadi, nkhani yonse yagona pamadzi,” anatero Zondiwe. “Madziwa amaphwa ndi kutentha, koma mchere sutha, umatsala. Ndiye akatsika kupitirira mzere ndajambula pagalasiwu, muziwonjezera madzi opanda mchere, osefa. A pampopi osasefa ayi, mankhwala ake angaphe zonse. Kandodo kagalasi aka n'koyezera mchere. Mukakaponya m'madzimu kazimira mpaka pobiriwirapa. Kakayandama kwambiri, mchere wachuluka.”

Anawauzanso kuti mlungu uliwonse azichotsa ndowa imodzi n'kuthiramo madzi atsopano, osakaniza ndi mchere wake wa m'matumba, osati wa kukhitchini. Mapampu asamaime, magetsi akazima azilumikiza ku batire. Kukatentha aziyandamitsa mabotolo a ayezi. A Sakwiya anazigwira zonsezo, ndipo kwa zaka ziwiri thanki ija inakongola moti anthu ankabwera kudzangoiona.

Kenako uthenga unafika. Boti limene anakwera Zondiwe ndi anzake linatembenuka kukamwa kwa doko. Anzake onse anawavuula amoyo, koma iye, katswiri wosambira kuposa onsewo, sanaoneke.

Tinapita ku Nacala tonse atatu. Mnzake wa Zondiwe, Momade, amene ankayankhulako Chichewa, anatiyendetsa m'midzi ya asodzi, kuzipatala, kulikonse. Sitinapeze ngakhale nsapato. Tinamusiyira nambala ya foni n'kubwerera. Tinalira maliro opanda mtembo, ndipo inu mukudziwa, maliro otero satha.

Kuyambira pamenepo alamu anga anasamukira pabalaza. Ankapukuta ndere pagalasi m'mawa, masana ankayeza mchere, madzulo ankayezanso. Mlongo wanga ankawasiya. Ankati aliyense ali ndi kaliridwe kake.

Chodabwitsa choyamba chinabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Alamu anandiitana.

“Alamu, taonani mzerewu.”

Madzi anali pamwamba pa mzere ndi zala zitatu.

“Mwathira ambiri,” ndinatero.

“Mwezi uno sindinawonjezeremo ngakhale kapu. Ndi kutentha konseku akanayenera kutsika. Takhalani pansi muone.”

Ndinakhala. Tinacheza zina ndi zina, Nandau anatipatsa thobwa. Pofika chakumasana ndithu, madzi aja anali atatsika mpaka nsonga za makorali zinatulukira kunja. Ndinagwada, ndinasuzumira pansi pa thanki, ndinapapasa simenti. Gwaa, pouma. Dzuwa litapendeka madzi anayamba kukwera okha, pang'onopang'ono, mpaka anadutsanso mzere uja.

“Mukukumbukira ku Nacala?” anandifunsa alamu chapansipansi. “Maboti ankakhala pamchenga m'mawa, pofika masana akuyandama, popanda wowakankha.”

Ndinakumbukira. Nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa yokha tsiku lililonse. Koma kuchokera ku Chilomoni kukafika kumeneko ndi ulendo wogona panjira. Thobwa lija sindinamalize.

Posakhalitsa zinthu zinayamba kusowa m'nyumba. Linayamba ndi thumba la mchere losatsegula, lolemera loti mayi sangalinyamule yekha. Kenako kaukonde kowolera nsomba. Kenako thawulo la Zondiwe, limene mayi ake analipinda n'kuliika pabedi pake tsiku limene tinabwerako ku Nacala. M'nyumbamo munalibe wantchito, munalibe mwana, ndipo zitseko zonse zinali bwinobwino.

M'mawa wina Nandau akusesa anapeza timadontho toyera pasimenti, touma, tochita ngati ufa. Timadonthoto tinayambira pathanki, kudutsa m'kakhonde ka m'nyumba, mpaka pakhomo pa chipinda cha mwana wake. Sitinali mapazi, tinalibe zala kapena chidendene, koma tinatalikirana monga mmene munthu amapondera. Ananyowetsa chala, anakhudza kamodzi n'kulawa. Unali mchere. Anakolopa osauza mwamuna wake. M'mawa mwake anatipezanso, ndipo ulendo uno timadonthoto tinali titalowa m'chipindamo.

Tsiku lina ndinali komweko nthawi ya chakudya chamadzulo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, batire linali litatha, mapampu ali zii. Alamu anali atatopa ndi kutakasa madzi ndi chikho kuti nsomba zipume. Tinakhala patebulo ndi kandulo. M'nyumba yopanda phokoso la mapampu, tinayamba kumva china. Madzi ankabwera, waaa, n'kubwerera, ngati chinthu chachikulu chikupuma m'tulo. Ndinatembenuka kuyang'ana thanki. Pamwamba pa madzi panali bata, popanda ngakhale kakhwinya.

Kenako kunsi kwa phokosolo kunamveka kugogoda. Ngo. Ngo. Ngo. Chitsulo pachitsulo, koma kutali, kozama, ngati kukuchokera pansi pa nyumba.

Nandau anaika supuni pansi.

Alamu anamwetulira, kumwetulira koyamba chichokereni ku Nacala. “Ali pantchito,” anatero. “Musamusokoneze.”

“Bambo a Zondiwe, chonde,” anatero mlongo wanga.

“Simukumva? Ndi hamala imeneyo.”

Ine ndinatsanzika msanga. Ndikutsika kamsewu ka kwawoko, kusanade kwenikweni, ndinaona munthu ataima pafupi ndi mpanda wawo, atayang'ana kunyumba. Ndinamupatsa moni monga mwa khalidwe. Iye anangoyang'anabe kunyumbako. Podutsa pambali pake ndinamva fungo limene ndinalimvapo kamodzi kokha, pagombe la asodzi ku Nacala, fungo la zomera zam'madzi zowola padzuwa. Buluku lake linali lonyowa mpaka m'chiuno, likudontha, pamene mvula inali isanagwe kwa miyezi. Nkhope sindinaione. Musandifunse chifukwa chake, maso anga anangokana kukwera. Agalu a m'dera limenelo, amene amauwa ngakhale mphaka, onse anali chete.

Mayi wina wogulitsa tomato pamphambano, a Nachuma, anandiitana ndi dzanja.

“Bambo, mwamuona?”

“Ndani ameneyo?”

“Kaya. Amabwera dzuwa likamalowa. Dzana anaima pano. Ndimati agula, koma anangofunsa kuti, ‘Madzi adzaza?’ Ndinati chiyani, iye n'kubwereza, ‘Adzaza?’ Mawu ake ngati munthu woyankhula madzi ali m'kamwa. Atachoka, tomato yense wa mbali imeneyo anafota.” Anayamba kulongedza m'dengu. “Ine mawa ndikagulitsira kumsika. Pano ayi.”

Kuyambira masiku amenewo madzi a m'thanki anayamba kuipa. Kandodo kaja kanayamba kuyandama, lero pang'ono, mawa kwambiri, mpaka pobiriwira paja panali m'mwamba, kunja kwa madzi. Alamu ankachotsa ndowa za madzi amchere n'kuthira osefa, ankachotsa, ankathira, mpaka msana unawagwira. Akaponya kandodo, kankayandama chimodzimodzi. Kutentha kunalipo ndithu kunja, koma madzi a m'thanki ankazizira ngati a m'chitsime chakuya, ndipo mabotolo a ayezi analibenso ntchito.

Makorali anayamba kutuwa. Amene anali ngati bowa anafota n'kusungunuka, kusiya mamina pamiyala. Amene anali ngati nyanga anayera mbee, ngati mafupa. Nsomba zinabisala kuseri kwa miyala, zinasiya kudya, kenako zinayamba kuyandama chagada imodziimodzi. Alamu ankazitola ndi manja n'kukazikwirira pansi pa mtengo wa mapeyala, akulira ngati mwana.

“Anandisiyira zamoyo,” ankatero. “Akabwera ndidzamuuza chiyani?”

Pamene za m'thanki zinkafa, zina zimene sanaikemo munthu zinayamba kupezekamo. Mchenga wakuda unaunjikana pakona. Tsiku lina munali kachidutswa ka chingwe chabuluu, chonga cha maukonde. Tsiku lina kachitsulo kadzimbiri, kodzaza tizigoba. Alamu ankazitulutsa, kuzitsuka, n'kuziyala pawindo mwaulemu.

Ndipo mchere unatuluka m'thanki n'kulowa m'nyumba. Makoma a pabalaza anayamba kutuluka thukuta loyera. Mahinjesi a zitseko anachita dzimbiri, wailesi inafa. Tiyi ankamveka mchere, ngakhale Nandau atatunga madzi kwa aneba n'kuphika m'poto watsopano. Kadimba kake ka mpiru kuseri kwa nyumba kanapsa konse ngati kathiridwa madzi otentha. Abale anasiya kubwera. Ana opita kusukulu ankawoloka msewu akafika pageti pawo.

Nandau anaitana akuluampingo awiri. Anabwera, anaimba, anapemphera. Ali m'kati mwa pemphero madzi anayamba kukwera iwo akuona, ndipo mmodzi anatsegula maso n'kuiwala mawu. Pomaliza wamkuluyo anati, “A Sakwiya, chinthuchi chichoke m'nyumba muno. Za m'katimo zafa kale. Mukusunga chiyani?”

“Ndikataya madziwa,” anayankha alamu, “adzatulukira kuti?”

Akuluampingo aja anayang'anana, anatsanzika, ndipo sanabwerenso.

Madzulo ake mlongo wanga anagwada pafupi ndi mpando wa mwamuna wake. Ine ndinali pakhonde, ndinamva zonse.

“Bambo a Zondiwe, tandiyang'anani. Mwaonda. Simudya, simugona kuchipinda. Ndataya mwana, kodi nditayenso inu muli moyo?”

“Mwanayo sanatayike. Akufunafuna njira. Madzi akakhala bwino afika.”

“Mwana ameneyo ndinamubereka ndine. Zondiwe akafika pakhomo pano ankayamba walowa kukhitchini, kundikumbatira, kuvundukula mapoto. Ichi chikuyenda m'nyumba munochi chadutsa pakhomo pa khitchini kangati? Sichinaimepo n'kamodzi komwe. Sindikuchidziwa ine. Si mwana wanga.”

“Ndiye ndani?”

“Kaya. Koma chikufuna inu.”

Alamu anadzuka, anatenga kandodo kawo n'kukaponyanso m'madzi.

Pondiperekeza, Nandau anandigwira mkono. “Achimwene, Lachinayi ndikachoka ku msonkhano wa amayi, mubwere ndi paipi. Inu mudzawagwire, ine ndidzakhuthula. Adane nane, bola akhale moyo.”

Ndinavomera.

Lachinayi m'mawa anawasitira malaya, anawapangira tiyi, anavala yunifolomu yake ya kumpingo. Potuluka anawapeza ataima pakampando, atapinda dzanja la malaya, mkono wonse uli m'madzi mpaka paphewa, tsaya litagona pamlomo pa galasi. Thanki imeneyo sinali yakuya. Munthu wamkulu ankakhudza mchenga madzi asanafike n'komwe m'khwapa.

“Mayi a Zondiwe,” anatero alamu, mawu awo ali odekha, “pansi sindikupapeza.”

“Tsikani mumwe tiyi, akuzizira.”

“Pitani, mungachedwe.”

Anapita. Mpaka lero amati akanangovula yunifolomuyo n'kukhala pansi.

Tinakumana pageti masana, ine paipi ili paphewa. Tinagogoda, zii. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'kati. Cha kukhitchini chimodzimodzi. Ndinathyola loko.

Thanki inali youma. Osati yotsanulidwa ayi, youma ngati sinaonepo madzi chiyambire. Galasi linali lathunthu, popanda mng'alu. Pansi pa nyumba panalibe dontho. Miyala ndi mafupa a makorali zinali mbuu, ndipo kampando kaja kanali chiimire pamalo pake. Tiyi anali patebulo, wosakhudza. Tinalowa chipinda chilichonse, tinayang'ana pansi pa mabedi, kubafa, kudenga. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Nsapato zawo zoyendera zinali pakhomo, chikwama chawo ndi pasipoti zili m'dirowa. Aneba sanaone munthu akutuluka.

Ndipo nyumba inali chete. Kupuma kuja kunali kutasiya.

Tinakanena kupolisi, tinayendera zipatala za m'tauni. Dzuwa likulowa foni ya Nandau inalira. Anali Momade, wa ku Nacala.

“Mama, asodzi akola munthu mu ukonde lero. Bwerani.”

Mlongo wanga anakhala pansi, pafumbi pomwepo. “Ndi mwana wanga? Momade, ndi Zondiwe?”

“Mama, bwerani. Musabwere nokha. Bwerani ndi malume aja.”

Tinasiya mawu kwa aneba kuti alamu akatulukira awauze kumene tapita. Tinanyamuka m'mawa mwake. Njira yonse Nandau anafumbata kachikwama mmene anaikamo nsalu yatsopano yoti akamufunditse mwana wake. Ankayankhula yekha. Ankati mwina bambo ake anamva m'mtima n'kutsogola. Ankati ngakhale atakhala mafupa okha, bola akagone kwathu ku Ntcheu, pamalo poti munthu n'kukasesapo. Ine sindinamuonepo ali ndi chiyembekezo chotero chichitikireni ngoziyo, ndipo chinkandiopsa kuposa kulira.

Momade anatichingamira. Anatipatsa moni maso ali pansi. Panjira yopita kunyumba yachisoni ndinamukokera pambali.

“Anamupeza nthawi yanji?”

“Lachinayi, dzuwa lisanafike pamutu. Kutali, kozama, kumene boti lija linatembenukira. Malume, ine pafoni ndinalephera. Mundikhululukire.”

Anatilowetsa m'chipinda chozizira. Bambo wa pamenepo anakoka nsalu.

Anali alamu anga. Sanatupe, nsomba sizinawakhudze. Anavala malaya omwe aja amene mkazi wawo anawasita Lachinayi m'mawa, mizere ya simbi ikuonekabe, dzanja limodzi lopinda mpaka paphewa. Kuphazi kumodzi kunali patapata wa m'nyumba. Maso anali otsegula pang'ono, ngati munthu amene akuyesa kuzindikira wina amene akubwera patali.

Apolisi a kumeneko anatifunsa kuti munthuyu analowa bwanji m'dziko mwawo, anakwera chiyani, anafika liti. Ndinawauza kuti m'mawa wa tsiku limenelo anali ku Blantyre, pabalaza pake. Womasulira anandiyang'ana, ndipo sindikudziwa ngati anawauza zimenezo.

Nandau sanakuwe. Anaima nthawi yaitali, kenako anatsegula kachikwama kaja, anatulutsa nsalu imene anagulira mwana wake n'kufunditsa mwamuna wake. Anawatsitsa dzanja la malaya lija, anamanga batani.

“Ine ndinapempha mwana,” anatero. “Awa ndinali nawo kale.”

Tinapeza galimoto yonyamula bokosi. Potuluka m'tauni msewu umadutsa pamtunda poti nyanja yonse imaonekera. Mlongo wanga anagogoda pagalasi kuti dalaivala aime. Anatsika, anayenda mpaka kumapeto kwa udzu, ine ndikumutsatira chapatali poopa zimene angachite. Nyanja inali yobiriwira, yokongola, ana akusewera m'mphepete.

Anaitana kamodzi kokha, osati molira ayi, koma ndi mawu amene mayi amaitanira mwana kuti chakudya chapsa.

“Zondiwe!”

Anadikira. Mphepo inkakupiza mpango wake. Kumunsi asodzi ankakoka boti, osatiyang'ana n'komwe. Anadikirabe, mpaka dalaivala analiza hutala.

Anatembenuka, nkhope yake ili youma.

“Tiyeni, achimwene,” anatero. “Dzuwali lingawaononge bambo aja.”